Mwana akalira m'ndege, musatsonye

Pa siteji ya Maselema, m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, mayi wa mwana sasowa manja. Minibasi yochokera ku Limbe ikaima, iye ali ndi chikwama kudzanja lino, jumbo ya ufa kudzanja linalo, mwana ali kumsana. Amangomasula chitenje n'kunena kuti, "Tandilandirani mwanayu." Satchula dzina la munthu. Manja amangotuluka okha, mwana n'kudutsa pamwamba pa mitu ya anthu mpaka kukatera pamiyendo ya bambo wina amene sanamuonepo chibadwire. Bamboyo amugwira mpaka pa Ginnery Corner kapena pa chipatala cha Queens. Potsika, buluku litanyowa pabondo, amangoseka: "Wandikonda ameneyu."

Tsono mutengeni bambo yemweyo. Muvekeni jekete, mudutse naye ku Chirimba ndi pa Kameza, mukamukweze ndege pa Chileka. Kamwana kakangoti kalire pampando wa kumbuyo kwake, mumva akutsonya. Atembenuka kamodzi, kawiri, nkhope ili gwa. Manja aja amalandira ana a eni pa Maselema aja awapinda pachifuwa ngati anawasiya pa sikelo ya katundu.

Ndikunena zimene ndinaona, ndipo mlanduwu ndili nawo gawo. Mwana wa mlongo wanga amakhala ku Bangwe. Mwamuna wake amagwira ntchito m'sitolo ina ku Johannesburg, ndipo anasunga ndalama miyezi yambiri kuti mkazi ndi mwana akamuone. Mwanayo anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 8, bambo ake ankangomudziwira pa WhatsApp. Ine ndinali ndi ulendo wanga wa komweko, choncho mwana wa mlongo wangayo anati, "Malume, tiyendere limodzi, ine za ndegezi sindizidziwa." Ponyamuka kamwana kanalira pang'ono n'kugona. Koma ndege itayamba kutsika, kanadzuka ndi mfuu umene sindinaumvepo, kakudzikanda m'makutu, kakudziponya chagada. Bwana wina wa kutsogolo kwathu, Mmalawi mnzathu, Chichewa chake chosalala bwino, anatembenuka: "Mayi, kodi simungamutontholetse mwanayo? Enafe tikufuna kupuma." Mwana wa mlongo wangayo anati, "Pepani bambo." Anapepesa kwa a kumanja, anapepesa kwa a kumbuyo, anapepesa ngakhale kwa anthu amene sanamuyang'ane n'komwe. Thukuta lili kamukamu.

Nanga mwinimbumba anatani? Ndinayang'ana pazenera. Ndinachita chidwi kwambiri ndi mitambo tsiku limenelo. Mumtima ndinkafuna kuti anthu aganize kuti mayi ameneyu ndangokhala naye pafupi mwangozi.

Anatiombola ndi gogo wina wovala duku, amene anakhala tsidya la kanjira. Sanafunse chilolezo kwa wina aliyense. Anangoti, "Iwe mwana wanga, mpatse bere. Makutu akumupweteka ameneyo." Mtsikanayo anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti, "Muno, agogo?" Gogo anati, "Nanga muno si mwa anthu?" Kamwana kanayamwa, kanasisima kangapo, kenaka zii. Mayi amene amayamwitsa mu minibasi, pamaliro, pamzere wa kusikelo ndi m'tchalitchi popanda kuganiza kawiri, anali atabisa bere kwa maola awiri chifukwa ankaona ngati m'ndege ndi m'nyumba ya bwana.

Gogoyo sanalote. Zimene ananena ndi zimene dokotala aliyense angakuuzeni. Ndege ikakwera m'mwamba, mpweya wa m'kati amaupopa kuti ukhale ngati wa pamalo okwera mamita apakati pa 1,800 ndi 2,400, tinene kuti pamwamba pa phiri la Zomba. Ikamatsika, mpweya uja umayamba kupanikiza khutu kuchokera kunja. Pali kanjira kochokera kuseri kwa mphuno kukafika m'kati mwa khutu, madokotala amakatcha Eustachian tube, kamene kamatseguka tikameza malovu kapena tikayasamula, n'kulinganiza mpweya wa mbali zonse ziwiri. Amene anatsikako zitunda za ku Chikwawa pa galimoto akudziwa mmene makutu amatsekera, mpaka umve kuti "tho!" ukameza. Munthu wamkulu amameza, amatafuna chingamu, zatha. Kwa mwana kanjirako n'kakafupi, n'kopapatiza, ndipo kachimfine kakang'ono kamakatseka. Simungamuuze kuti "yasamula". Iye akungomva chinthu chikumuboola m'mutu, ndipo chilankhulo chimene ali nacho n'chimodzi basi. Kuyamwa, kumwa madzi kapena kutafuna kanthu kumamuthandiza chifukwa kumamumezetsa. Ngakhale kulira kumeneko kumathandiza kutsegula kanjirako. Mukamutsonya, mukutsonya wodwala amene akudzichiritsa yekha.

Pali chinanso chimene anthu a jekete saganizira. Mwana wa Chimalawi amakulira kumsana. Akavuta, mayi amamubereka, n'kumayendayenda, n'kumamugwedeza, tulo n'kubwera. Mankhwala ake ndi amenewo kuyambira tsiku lotuluka m'chikuta. Koma nthawi imene makutu amapweteka kwambiri, ndege ikutsika, ndi nthawi yomweyo imene nyale ya malamba imayaka. Mayi saloledwa kuimirira, saloledwa kubereka. Ayenera kumukhazika mwanayo pamiyendo, atamangidwa, kwa mphindi pafupifupi 30. Lamulolo ndi labwino, limateteza moyo, sindikulitsutsa. Ndikungoti mwamulanda mayi chida chake chachikulu, ndiye mukumufunsa chifukwa chimene sakulimira.

"Koma ine ndalipira ndalama zambiri," atero bwana. Zoona. Tikiti ya ndege imayendera dola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wokwera ndege amamva kuwawa m'thumba. Koma mwanayo sanakwere ulere ngati mmene zimakhalira mu minibasi. Makampani ambiri amalipiritsa mwana wosakwana zaka 2, wokhala pamiyendo, pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa munthu wamkulu pa maulendo a kunja. Akangokwanitsa zaka 2, ayenera kugula mpando wakewake, pamtengo wosatalikirana kwambiri ndi wanu. Ali ndi pasipoti yake, chithunzi chake, dzina lake pamndandanda wa okwera. Tikiti yanu inagula mpando, chakudya ndi makilogalamu a katundu. Werengani bwinobwino tizilembo tating'ono tija, simupezapo pamene analemba kuti mwagula bata.

Ndipo musaiwale njira imene mayiyo wadutsa asanafike pampando umenewo. Kalata ya kubadwa kwa mwana, pasipoti ya mwana, mizere, maulendo obwerezabwereza ali naye kumsana. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo m'dziko muno, boma n'kulengeza kuti makompyuta ake alowereredwa ndi akuba a pa intaneti. Dziko la South Africa nalo, kuyambira pa 1 Juni 2015, linkafuna kalata ya kubadwa yoonetsa makolo onse awiri, komanso chikalata cha chilolezo cha kholo limene latsala, lisanalole mwana kulowa, mpaka linafewetsa lamuloli kwa ana a mayiko ena kumapeto kwa 2019. Mayi amene wafika pakhomo la ndege ndi mwana wapambana kale nkhondo zingapo. Safunikanso ina ya maso anu.

Ena amati, "Bwanji osangokwera basi, kapena kumusiya mwanayo kwa agogo ake?" Amene amanena za basi sanaikwerepo ndi mwana. Kuchoka pa depoti ya Wenela, kutsika ku Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete kutentha kuli ng'aning'ani, kutsikanso pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kukaima pamzere wa Beitbridge, kenaka Musina mpaka Park Station ku Johannesburg. Tsiku ndi theka zikayenda bwino, masiku awiri zikavuta. Matewera mumasinthira pamiyendo, phala limasasa m'botolo. Pa ndege ulendo womwewo ndi maola awiri ndi mphindi zochepa. Kholo limene lasankha kuti mwana alire theka la ola m'mwamba m'malo molira masiku awiri pamsewu lasankha mwanzeru.

Zakumusiya mwanazo ndiye zimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa dzina lomwelo la Wenela liyenera kutikumbutsa kanthu. Amalawi wamba oyamba kukwera ndege mwaunyinji sanali mabwana. Anali agogo athu opita kumigodi ya golide, otengedwa ndi bungwe la Wenela, kunyamuka pa Chileka kukatera ku Francistown ku Botswana. M'ndege zimenezo munalibe mwana wolira ngakhale mmodzi. Munali bata limene bwana wa jekete akulifuna. Munali bata chifukwa malamulo a migodi ndi a tsankho sankalola mwamuna kutenga mkazi kapena mwana. Ankafuna mikono yake yokha. Ana ankakula akudziwa bambo ngati sutikesi yachitsulo imene imabwera patapita zaka ziwiri, ndipo ena sanabwerenso, tinawatcha matchona. Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela yobweretsa anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha anthu 78, ambiri mwa iwo Amalawi. Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu a kumigodi, ndipo Amalawi oposa 100,000 amene anali kumeneko anayamba kubwerera. Lero migodi ija inatisiya, koma ulendo wa ku Joni sunathe: anyamata a ku Ndirande, Zingwangwa, Machinjiri ndi Chilomoni ali m'masitolo, m'minda ya maluwa ndi m'makhitchini a kumeneko. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mwana akhoza kukwera ndege kukagwira ndevu za bambo ake. Ine ndikamva kulira m'ndege ya ku Johannesburg, ndimamva chinthu chimene agogo athu anamanidwa.

Khalidwe lotsonyali tinalitola kwina, ndipo kumene tinalitolako lafika patali. Mu 2011 kampani ya Malaysia Airlines inaletsa makanda m'chigawo chake chodula kwambiri. Mu 2013 AirAsia X inapatula mizere ya mipando imene ana saloledwa. Mu 2019 Japan Airlines inatchuka ndi kachizindikiro koonetsa pamene pakhale khanda, kuti wogula tikiti athawire kutali. Mu 2023 Corendon inalengeza chigawo cha akuluakulu okhaokha pa ulendo wa Amsterdam kupita ku Curaçao. Ndipo mu Ogasiti 2024, m'ndege ya Juneyao Airlines yochoka ku Guiyang kupita ku Shanghai, amayi awiri anatenga kamwana ka eni kamene kankalira, kali paulendo ndi agogo ake, n'kudzitsekera nako m'chimbudzi, akukauza kuti katuluka kakatonthola. Mmodzi anajambula n'kuika pa intaneti akudzitama. Anthu a ku China ambiri anakwiya nazo, ndipo anakwiya moyenera. Msewu umene umayambira pa kutsonya umakathera pachitseko cha chimbudzi chimenecho. Zakunja tatengera zambiri, zina zabwino. Koma ife amene timaphunzitsa ana kusukulu kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, tikagulenso kunja luso lonyansidwa ndi ana?

Mantha a maso a anthu amabala choopsa china chimene chimanong'onedwa m'makomboni muno. Mayi akamakonzekera ulendo, sipalephera mnzake womulangiza kuti, "Ungomupatsa piritoni, agona mpaka kukafika." Langizo limeneli lisiyeni. Mankhwala a chifuwa ndi ziwengo si mankhwala a tulo. Ana ena amawatembenukira, m'malo mogona amabalalika kuposa kale. Ena mwa mankhwala a mtundu umenewu, monga promethazine, saloledwa n'komwe kwa mwana wosakwana zaka 2 chifukwa amatha kufooketsa kupuma, ndipo m'mwamba mulibe Queens yothamangirako. Tangoganizani: mayi kuika moyo wa mwana pachiswe kuti munthu wachilendo, amene sadzakumana nayenso, agone bwino. Ngati mwana ali ndi chimfine chachikulu kapena khutu likutuluka mafinya, pitani naye kuchipatala ulendo usanafike, dokotala ndiye anene. Zina zonse n'zapafupi. Musamuyamwitse mpaka kukhuta muli pansi. Sungani njala pang'ono kuti ayamwe ponyamuka ndi potsika. Akagona, mudzutseni ndege isanayambe kutsika. Lamulo loletsa zamadzimadzi zoposa mamililita 100 m'chikwama cha m'manja limapatula mkaka ndi chakudya cha mwana, choncho musataye phala pakhomo chifukwa cha mantha, aonetseni oyang'anira. Chitenje chikhale pafupi, chovala china cha mwana, ndi china chanu.

Ndisanamizire kuti makolo onse ndi angelo. Kulira kwa khanda lomva kuwawa n'kosiyana ndi mwana wa zaka 4 amene akuponda kumbuyo kwa mpando wa munthu kuyambira pa Chileka mpaka ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg, kapena woonera katuni foni ili pamwamba, kholo lili phee. Ameneyo ngofunika kumuletsa, ndipo woponderezedwayo ali ndi ufulu wolankhula, mwaulemu, kwa kholo. Pamenepa ndiloze chala abambo anzanga. Kangati taona banja likukwera, mayi wabereka mwana, wagwira wina padzanja, chikwama cha matewera paphewa, bambo ali kutsogolo ndi mapasipoti okha m'manja ngati kalata ya ufumu? Akakhala pansi amatseka makutu ndi zomvera nyimbo, mwana akalira amayang'ana mkazi wake ndi diso lomwe lija la bwana wa jekete. Achimwene, mwanayo ngwanu. Miyendo yanu nayo ndi mpando.

Kwa oyang'anira mabwalo a ndege, la ku Chileka ndi la Kamuzu ku Lumbadzi, komanso makampani onse otera kumeneko, pempho langa silofuna ngongole ya kunja. Mayi kapena bambo wa mwana wamng'ono azidutsa patsogolo pamzere uliwonse, wa tikiti, wa pasipoti ndi wokwerera, popanda kupempha. Pakhale malo aukhondo osinthira thewera, ofikako abambo omwe. Pokwera masitepe a ndege pakhale munthu wolandira chikwama. Ndipo wogwira ntchito m'ndege, pamene akuonetsa za malamba ndi zitseko, awonjezere chiganizo chimodzi m'Chichewa chomveka: amayi, yamwitsani momasuka, makamaka tikamatsika. Chiganizo chimenecho chikanamupulumutsa mwana wa mlongo wanga ku maola awiri a manyazi. Kampani ya Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha, 51 peresenti yake ndi ya boma la Malawi, 49 ndi ya Ethiopian Airlines. Za boma ndi za tonse. Ndiye kuti kamwana ka ku Bangwe nako ndi kamodzi mwa eni ake, ndipo kampani imeneyi ndi imene ingayambe kuonetsa ena mmene Amalawi amanyamulira ana.

Koma lamulo silingabweze manja amene tinawapinda tokha. Chimene chimatigwira m'ndege ndi matenda akale ofuna kuoneka ozolowera. Timaopa kuti tikamwetulira mwana wa eni, tikalankhula Chichewa mokweza, tikalandira chikwama cha mayi wa chitenje, azungu ndi mabwana atiyesa achimidzimidzi okwera koyamba. Timaganiza kuti kuuma nkhope ndiye chizungu. Ine ndinadwala matenda amenewa pazenera paja, ndipo amene anandichiza ndi gogo wa duku amene mwina sukulu sanapite nayo patali. Titatera, iye yemweyo ndiye anagwira mwana kuti mayi atsitse katundu. Bwana uja anali ataimirira kale, foni kukhutu, akukankhira kukhomo. Ine ndinanyamula zikwama zonse zitatu mwakachetechete, ndipo mwana wa mlongo wanga sananene kanthu mpaka titadutsa pa mapasipoti. Kenaka anati, "Malume, mitambo ija inali yokongola eti?"

Inu amene mukwere ndege mwezi uno, mukaona mayi akulimbana ndi mwana, chikwama ndi chitenje pakanjira, chitani zimene mukanachita pa Maselema. Nenani kuti, "Mayi, ndikulandireni?" Akakana, palibe chimene mwataya. Mwana akalira potsika, mezani malovu anu, mukumbuke kuti iye sangathe, ndipo mlomo wotsonyawo muutseke.